TSAMBA LA MAPHUNZIRO: KULONDOLA NJIRA YA MADZI PANSI PA NTHAKA

Ulendo uno m'tsamba lathu la maphunziro tikambirana za madzi a pa mjigo ndi a pa chitsime. Ambiri a ife tidakulira madzi amenewa. Timapopa, madzi natuluka, ife n'kusenza ndowa kumapita. Koma mmisiri wokumba mjigo amakhala ndi mafunso ovuta. Akumbe pati? Akakumba pamenepo, kodi apeza madzi okwanira mudzi wonse? Nanga chimbudzi chili chapafupicho sichidzawononga madziwo? Palibe munthu amene angalowe pansi kuti akaone ndi maso. Chimene ali nacho ndi mijigo yowerengeka yokha, ndipo pakati pa mijigoyo pali malo aakulu amene sadawayezepo. Phunziro lino likufotokoza m'mene masamu amathandizira kuganizira bwino za malo osayezedwawo, ndiponso chifukwa chake moyo wa anthu umadalira kuganizirako.

MADZI AMAKHALA M'TIMIPATA

Anthu ambiri amaganiza kuti pansi pali mitsinje ndi nyanja zonga zimene timaziona kunja kuno. M'malo ambiri sizili choncho. Tengani ndowa ya malita 20, muidzaze ndi mchenga wouma, kenaka muzithiramo madzi pang'onopang'ono. Mudzaona kuti mchengawo umwa malita 6 kapena kuposerapo madzi asanaonekere pamwamba. Madziwo alowa m'timipata ta pakati pa mchenga. Ndi m'mene zililinso pansi pa nthaka. Mvula ikagwa, madzi ena amalowa pansi nakadzaza timipata ta m'mchenga, ta m'timiyala ndi ming'alu ya m'matanthwe. Nthaka kapena mwala umene umasunga madzi ndi kuwalola kuyenda, akatswiri amautcha aquifer. Ife tiziti nkhokwe ya madzi. Pamene madzi amalekezera m'chitsime tiziti msinkhu wa madzi. Msinkhuwu umakwera nthawi ya dzinja ndipo umatsika m'chilimwe.

Kuno ku Malawi nkhokwe zazikulu zilipo za mitundu iwiri. M'zigwa za kumtunda monga za Lilongwe ndi Kasungu, madzi amakhala m'mwala wakale umene udafumbutuka pamwamba pake ndiponso m'ming'alu ya thanthwe lapansi pake. M'mbali mwa nyanja monga ku Salima, Nkhotakota ndi Karonga, komanso ku chigwa cha Shire, madzi amakhala m'mchenga ndi timiyala zimene mitsinje idakokolola ndi kuunjika kwa zaka zambirimbiri.

LAMULO LA DARCY

Munthu woyamba kulemba lamulo la kayendedwe ka madziwa adali Henry Darcy, injiniya wa mu mzinda wa Dijon ku France, amene adabadwa mu 1803 namwalira mu 1858. Iyeyu ndiye adabweretsa madzi a m'mipope mu mzindawo kuchokera ku kasupe wa Rosoir. Pofuna kudziwa m'mene mchenga umasefera madzi, adadzaza mchenga m'chipaipi choimika, namayeza madzi odutsamo. Zotsatira zake adazisindikiza mu 1856.

Adapeza kuti kuchuluka kwa madzi odutsa kumadalira zinthu ziwiri. Choyamba ndi kutsetsereka kwa msinkhu wa madzi: madzi amachoka pamene msinkhu uli wokwera kunka pamene uli wotsika, ndipo kutsetsereka kukawirikiza kawiri, madzi odutsa amawirikizanso kawiri. Chachiwiri ndi kumasuka kwa nthakayo, ndiye kuti m'mene imalolera madzi kudutsa. Kumasukaku amakulemba ndi chilembo cha K ndipo amakuyeza m'mamita pa tsiku. Pa timiyala K amatha kufika mamita mazanamazana pa tsiku, pamene pa dongo sakwana ngakhale milimita imodzi. Kusiyana kwakukulu chotereku ndiye gwero la mavuto onse amene tikambe m'munsimu.

TIWERENGERE LIMODZI

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, tengani pensulo. Liwiro la madzi timalipeza pochulukitsa K ndi kutsetsereka, kenaka n'kugawa ndi gawo la timipata todutsa madzi m'nthakamo.

Tiyerekeze kuti pali chimbudzi kumtunda, ndipo mjigo uli kumunsi pa mtunda wa mamita 30. Nthaka ndi yamchenga, K ndi mamita 10 pa tsiku, msinkhu wa madzi umatsika mita imodzi pa mamita 100 aliwonse, ndipo timipata ndi gawo limodzi mwa magawo 4. Tikachulukitsa 10 ndi 1/100 tipeza 0.1, tikagawa ndi 1/4 tipeza mamita 0.4 pa tsiku. Motero madzi ochokera pansi pa chimbudzi adzatenga masiku 75 kuti afike pa mjigo.

Masiku amenewa ndi ofunika chifukwa tizirombo tambiri toyambitsa matenda a m'mimba timafa kapena kukodwa m'nthaka ulendo ukatalika. N'chifukwa chake ku Germany ndi ku England malo ozungulira zitsime za madzi akumwa amatetezedwa mwapadera mpaka pa mtunda umene madzi amayenda masiku 50. Pa chitsanzo chathuchi masiku 75 akuposa 50, ndiye mtima ungakhale pansi.

Tsono tiyerekeze kuti nkhokweyo ndi yokhuthala mamita 10, koma mkati mwake muli mzere wa timiyala wokhuthala mita imodzi yokha, umene K wake ndi 100. M'mzere umenewu madzi aziyenda mamita 4 pa tsiku, ndipo afika pa mjigo pasanathe masiku 8. Munthu amene angaphatikize zonse n'kupeza K wapakatikati apeza 19, nanena kuti ulendowo ndi wa masiku pafupifupi 39. Koma zoipa zoyamba zidafika kale sabata yoyamba itangotha. Onaninso kuti madzi oposa theka la madzi onse akudutsa m'kamzere kamodzi kameneka. Apa tikuphunzira kuti nambala yapakatikati imabisa choopsa. Chofunika ndi kudziwa m'mene nthaka ikusinthira kuchoka pano kufika apo.

NZERU YOCHOKERA KU MIGODI YA GOLIDE

Njira yothana ndi vutoli idabadwira ku migodi ya golide ya Witwatersrand, kufupi ndi Johannesburg, komwe kuja agogo athu ambiri ankapita pa Wenela ndi pa Theba. Eni migodi ankatenga timiyala tochepa apa ndi apo n'kuyeza golide wake, pofuna kudziwa chigawo choyenera kukumba. Injiniya wina wa ku South Africa, Danie Krige, adaona kuti zigawo zimene ankaziyesa zolemera kwambiri zinkatulutsa golide wocheperapo, ndipo zimene ankaziyesa zosauka zinkatulutsa wochulukirapo. Chifukwa chake chidali chakuti ankakhulupirira kwambiri kamwala kamodzi ka m'chigawocho osalabadira miyeso ya m'zigawo zoyandikana nazo. Mu 1951 Krige adalemba njira yabwino yophatikizira miyesoyo.

Katswiri wa masamu wa ku France, Georges Matheron, adatenga maganizowa nawaika m'dongosolo lenileni la masamu m'zaka za m'ma 1960. Phunziroli limatchedwa geostatistics, ndiye kuti masamu a ziwerengero za zinthu za m'nthaka, ndipo njira yake yaikulu adaitcha kriging polemekeza Krige. Pofika m'zaka za m'ma 1970 akatswiri a madzi adayamba kuigwiritsa ntchito, poona kuti vuto lawo ndi lofanana ndi la ku mgodi: miyeso ndi yochepa, malo ndi aakulu, ndipo kukumba n'kokwera mtengo.

Maziko a phunziroli mlimi aliyense amawadziwa. M'munda, dothi la mapando awiri oyandikana limafanana kuposa dothi la kumtunda ndi la kudambo. Zinthu zoyandikana zimafanana, ndipo kufananako kumachepa mtunda ukamakula. Masamu amangowonjezera funso limodzi: kufananako kumatha pa mtunda wotani?

Kuti ayankhe, katswiri amatenga miyeso yake iwiriiwiri. Amasonkhanitsa yonse yotalikirana, tinene, mamita 10, napeza kusiyana kwa iwiri iliyonse, nachulukitsa kusiyanako ndi iko komwe, napeza nambala yapakatikati, naigawa pawiri. Amachitanso chimodzimodzi ndi miyeso yotalikirana mamita 20, 50, 100 mpaka m'tsogolo. Akajambula zotsatirazo pa galafu, mzere umayamba pansi, umakwera, kenaka umagona. Galafu ameneyu amatchedwa variogram. Pamene mzere wagonapo ndi pamene kufanana kwathera. Mjigo wokhala kutali kuposa pamenepo sungatiuze zambiri za malo amene tikufuna kukumba.

Ndi variogram m'manja, kriging imapatsa muyeso uliwonse mphamvu yake poganizira za malo osayezedwa. Woyandikira umalandira mphamvu yambiri, wakutali yochepa. Koma pali nzeru inanso. Tiyerekeze kuti kuvuma kuli mijigo iwiri yogundizana, ndipo kuzambwe kuli umodzi, yonse pa mtunda wofanana ndi malo athu. Kuwerengera wamba kungapatse uliwonse gawo limodzi mwa magawo 3. Kriging imaona kuti iwiri yakuvumayo ikunena nkhani imodzi, monga mboni ziwiri za nyumba imodzi pa bwalo la mfumu, ndiye imaigawira mphamvu yongoposa pang'ono ya mboni imodzi. Pomaliza imatipatsa mapu awiri: ena osonyeza nambala imene tikuiganizira pa malo aliwonse, ena osonyeza kukula kwa chikayiko chathu. Mapu achiwiriwa amathandiza kusankha pamene payenera kuyezedwa kaye.

CHIFANIZIRO CHA PA KOMPYUTA

Mapu a K akapezeka, katswiri amamanga chifaniziro cha nkhokwe yonse pa kompyuta. Amagawa dera lonse m'timabokosi zikwizikwi, monga mabokosi a m'kope la masamu, koma osanjikizana mpaka pansi. Bokosi lililonse amalipatsa K wake. Kenaka amauza kompyuta madzi a mvula olowa pansi, malo a mitsinje ndi madambo, ndi madzi amene mijigo ikupopa. Kompyuta imatsata malamulo awiri okha: lamulo la Darcy pakati pa bokosi ndi linzake, ndi lamulo lakuti madzi olowa m'bokosi ayenera kufanana ndi otuluka kuphatikizapo otsalira. Pulogalamu yotchuka pa ntchitoyi ndi MODFLOW, imene Michael McDonald ndi Arlen Harbaugh a bungwe la United States Geological Survey adatulutsa mu 1984. Chifanizirocho chisanakhulupiriridwe, amayerekeza misinkhu imene chikunena ndi misinkhu yoyezedwa m'mijigo yeniyeni, nachikonza mpaka ziwirizi zitayandikana.

Zitatero amalondola zinthu zosungunuka m'madzimo, monga mchere, feteleza, mafuta kapena zochokera m'zimbudzi. Zinthuzi zimatengedwa ndi madzi, zimamwazikana chifukwa madzi ena amathamanga pamene ena akuchedwa, zina zimakakamira ku dothi, ndipo zina zimawola m'njira. Mwa zonsezi chovuta kwambiri kulosera ndi kumwazikanako.

MAYESO AWIRI: BORDEN NDI COLUMBUS

Kodi masamu amenewa amanenadi zoona? Akatswiri adafuna kuyesa m'nthaka yeniyeni, ndipo mayeso awiri a ku North America ndiwo amatchulidwa kwambiri.

Oyamba adachitikira pa malo a asilikali a Borden m'chigawo cha Ontario ku Canada. Mu Ogasiti 1982 akatswiri a mayunivesite a Stanford ndi Waterloo adathira m'nthaka yamchenga malita pafupifupi 12,000 a madzi osakaniza ndi michere ya chloride ndi bromide pamodzi ndi mankhwala ena. Adaika timipaipi totungira madzi pa malo oposa 5,000, nalondola madziwo kwa zaka pafupifupi 3. Mcherewo unkayenda masentimita pafupifupi 9 pa tsiku, uli pamodzi ngati mtambo umene ukutalika pang'onopang'ono. Mu 1986 Edward Sudicky adafalitsa miyeso 1,279 ya K yochokera m'mchenga wa pamalopo. Adapeza kuti mchengawo ndi woyalana m'timizere topyapyala: kufanana kwake kunkafika mamita pafupifupi 3 cham'mbali, koma masentimita 12 okha chotsika pansi. Ataika ziwerengerozi m'masamu a geostatistics, kumwazikana kumene adapeza kudagwirizana bwino ndi kumene kudaonekadi. Apa masamu adapambana.

Achiwiri adayamba mu Okutobala 1986 pa bwalo la ndege za nkhondo la Columbus m'chigawo cha Mississippi ku America. Kumeneku nthaka ndi ya mchenga, timiyala ndi dongo zosakanikirana, zimene mtsinje udaunjika kalekale. Adathira malita pafupifupi 10,000 a madzi okhala ndi bromide, ndipo adayeza K pa malo oposa 2,000. Zotsatira zake zidadabwitsa anthu. Patatha chaka ndi miyezi ingapo, mchere wambiri udali ukadali pafupi ndi pamene adauthira, koma wina wochepa udali utafika kale mamita oposa 100 kutsogolo. Masamu aja adachita bwino ku Borden adalephera kufotokoza zimenezi. Kafukufuku wa zaka zotsatira adasonyeza kuti timinjira topapatiza ta timiyala, tolumikizana kuchokera kuno mpaka uko, tinkathamangitsa madzi ena pamene ena adali atatsekeredwa m'dothi lothina. Ndi kamzere kaja tidawerengera pamwambapa.

MAPU AMODZI SAKWANA

Mayeso a ku Columbus akutikumbutsa chofooka cha kriging. Popeza imaphatikiza miyeso, mapu ake amatuluka osalala kuposa nthaka yeniyeni. Malo omasuka kwambiri ndi othina kwambiri amafafanizika, ndipo kanjira kopapatiza kaja, kamene ndiko koopsa, sikaoneka.

Chifukwa cha ichi akatswiri amauza kompyuta kuti ijambule mapu ambiri, 100 kapena 1,000. Onsewo amagwirizana ndi miyeso ya pa mijigo imene ilipo, onsewo ali ndi kusinthasintha kofanana ndi kwa variogram, koma pa malo osayezedwa amasiyana. Aliwonse mwa mapuwa angathe kukhala oona. Chifaniziro chija amachiyendetsa pa mapu aliwonse, kenaka n'kuwerenga. Tinene kuti pa mapu 100, zoipa zafika pa mjigo pasanathe masiku 50 m'mapu 15. Katswiri adzauza eni mudzi kuti chiopsezo chilipo ka 15 pa 100. Eni akewo ndiwo asankhe: kusuntha mjigo, kusuntha chimbudzi, kapena kuyeza malo ena kuti chikayiko chichepe. Yankho lotere ndi lothandiza kuposa kulonjeza kuti zonse zili bwino, pakuti madzi akatayika saoleka, ndipo nkhokwe yapansi ikaipitsidwa imatenga zaka zambiri kuti iyere.

PHUNZIRO KWA IFE

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje anthu amadziwa kuti mjigo wina umatulutsa madzi amchere osamweka pamene wina wa m'dera lomwelo uli ndi madzi abwino. Kumeneku nthaka ndi youndidwa ndi mitsinje, ndipo imasintha pa mtunda waufupi. Mafunso ake ndi omwe aja a Krige: kufanana kumatha pati, ndipo mjigo watsopano uli ndi mwayi wotani? Koma masamu sangagwire ntchito popanda miyeso. Mjigo uliwonse ukamakumbidwa, wokumbayo ayenera kulemba mtundu wa dothi limene wadutsa, pamene wapezera madzi, kuchuluka kwake ndi ubwino wake. Ngakhale mjigo wouma ndi mboni yofunika, chifukwa umachenjeza wodzakumba mawa. Makolo a m'makomiti a mijigo, ndiponso inu abambo ansembe amene mumayang'anira sukulu, zipatala ndi maparishi, pemphani chikalata chimenechi ndipo chisungidwe bwino.

Pamene palibe katswiri, malangizo odziwika ndi awa. Chimbudzi chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pa mjigo kapena chitsime, ndipo chikhale kumunsi kwake. Pansi pa dzenje pakhale potalikirana ndi msinkhu wa madzi wa m'dzinja ndi mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Simenti yozungulira mjigo ikang'aluka ikonzedwe msanga, ndipo khola ndi dzala zikhale kutali. Tikumbukirenso zimene tawerengera zija: pamene pali timiyala kapena thanthwe long'aluka, mamita 30 angathe kuchepa, motero madzi ayenera kuyezedwa, makamaka mvula ikagwa yambiri kapena madzi akasefukira. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matendawa amafala kudzera m'madzi ndi zakudya zoipitsidwa ndi chimbudzi. Nkhani ya mtunda wa pakati pa chimbudzi ndi mjigo si yamasewera.

Anzanga ophunzira, nanunso mungathe kuyambapo. Pa tchuthi pezani chingwe, mumangirire kamwala, ndipo sabata iliyonse muziyeza kuya kwa madzi m'chitsime cha kwanu, mutapempha chilolezo kwa akuluakulu ndi kutsuka chingwecho. Muzilemba tsiku ndi muyeso m'kope. Mukabwerera kusukulu, wina akapitirize. Pakatha chaka mudzakhala ndi galafu wosonyeza m'mene nkhokwe ya kwanu imadzazira ndi kuphwera. Darcy naye adayamba ndi chipaipi, mchenga ndi kope. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

MAFUNSO OTI TIKAMBIRANE M'MAGULU

1. Ngati K ndi mamita 5 pa tsiku, msinkhu ukutsika mita imodzi pa mamita 50, ndipo timipata ndi gawo limodzi mwa magawo 5, madzi atenga masiku angati kuyenda mamita 30?

2. Chifukwa chiyani kriging sipatsa mijigo iwiri yogundizana mphamvu yofanana ndi ya mijigo iwiri yotalikirana?

3. Fotokozani chimene chidasiyanitsa zotsatira za ku Borden ndi za ku Columbus.

4. Jambulani mapu a mudzi wa kwanu osonyeza mjigo, zimbudzi, makola ndi kumene nthaka yatsetserekera. Kodi pali chimene chiyenera kusunthidwa?